Galimoto ya bambo anga ndi mawu atatu a akatswiri

Bambo anga anagwira ntchito ya udalaivala kwa zaka 19, ndipo zaka zonsezo anayendetsa magalimoto a kampani imodzi ya ku Japan. Ankanyamula anamwino opita kukabaya katemera m'midzi ya ku Ntcheu ndi Dedza, m'misewu imene dzinja likafika ngakhale ngolo imakana. Madzulo akafika pakhomo sankathamangira m'nyumba. Ankayamba atsegula boneti, n'kuima phee ngati akumvetsera kupuma kwa mwana amene wagona. Kwa iwo kampani imeneyo inali ngati mfumu yakutali imene sinanamizepo anthu ake. Anatisiya mu 2016 asanakhalepo ndi galimoto yawoyawo.

N'chifukwa chake pamene kontrakiti yanga ya zaka zinayi inatha kumapeto kwa 2023, bungwe limene ndimagwirako ntchito yofalitsa nkhani ku Pretoria n'kundipatsa ndalama zondithokoza ndisanasaine ina, mtima wanga unathamangira komweko. Kumudzi inali nthawi yowawa. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022, ndipo kangachepe kamene mayi ankasunga ku banki m'khonde kanasungunuka ngati mchere wogwera m'chitsime. Ndinalumbira kuti zanga sizigona m'buku la banki. Pa msika wa masheya wa ku Malawi, umene kampani yoyamba kulembetsapo inali NICO mu 1996, pali mabanki, makampani a mafoni, a shuga ndi a mahotela, koma wopanga magalimoto palibe. Komabe munthu wolandira malipiro ake mu randi angathe kugula masheya a kunja pafoni, osachoka pampando. Ndinaganiza zogula kachigawo ka kampani ya bambo ija.

Ndinaimbira achimwene, amene ali ndi galaja yawo ku Ndirande. Sanadikire kuti ndimalize.

"Gula, mlongo wanga, usachedwe," anatero. "Kaime pa Ginnery Corner uwerenge magalimoto khumi odutsa, undiuze kuti ndi angati amene si a kampani imeneyo."

Mayi anandimvetsera mpaka kumapeto, monga mwa khalidwe lawo, kenaka anafunsa motsitsa mawu: "Mwananga, chinthu chosaoneka ndi maso n'kuchitcha chuma? Malata a nyumba inotu akudontha."

Usiku womwewo ndinatsegula foni. Pansi pa dzina la kampaniyo panali kamzere ka mitundu itatu, ndi mawu atatu a Chingerezi: Buy, Hold, Sell, ndiko kuti gulani, sungani, gulitsani. Akatswiri ambiri anali mbali yobiriwira ya gulani, owerengeka anali pakati, ndipo mbali yofiira kunali mmodzi yekha. Pambali pake panalembedwa mtengo umene akatswiriwo ankayembekezera, ndipo unali pamwamba pa wa tsiku limenelo. Anthu ophunzira a ku Tokyo, London ndi New York anali kugwirizana ndi achimwene a ku Ndirande. Chala changa chinali kale pabatani.

Chinandiletsa ndi ntchito yanga yomwe. Ndakhala zaka zambiri ndikukonza malipoti opita kwa otithandiza ndi ndalama, ndipo ndimadziwa mmene mawu amodzi amasankhidwira anthu atakangana masiku atatu. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imayeza ntchito zake pa masitepe 6, kuyambira "yokhutiritsa kwambiri" mpaka "yosakhutiritsa kwambiri". Mlendo akawerenga kuti ntchito inali "yokhutiritsa pang'ono" amaomba m'manja. Ife a m'katimo timamva kuti mjigo unakumbidwa ndithu, koma madzi akutuluka mwa apo ndi apo. Tsono ngati mawu a m'nyumba mwathu ali ndi tanthauzo la alendo ndi tanthauzo la eni, ndinadzifunsa, nanga mawu atatu awa, a m'nyumba ya eni ake imene sindinalowemo n'kale lonse? Paja safunsa anadya phula. Ndinazimitsa foni, ndipo milungu 6 yotsatira ndinaithera pa kuwerenga.

Katswiri wounika masheya ndi munthu wolembedwa ntchito ndi banki yaikulu kapena kampani yogulitsa masheya. Amapatsidwa makampani angapo a gulu limodzi kuti aziwatsata chaka ndi chaka. Amawerenga mabuku awo a zachuma miyezi itatu iliyonse, amafunsa mafunso akuluakulu a kampani, nthawi zina amayendera mafakitale, kenaka amalosera phindu la chaka chamawa. Phindu limenelo amalichulukitsa ndi nambala imene iye mwini akuiona kuti ndi yoyenera, n'kupeza mtengo umene akuyembekezera kuti sheya ifikepo, kawirikawiri m'miyezi 12. Apa m'pamene ndinayamba kudzidzimuka. Tiyerekeze kuti akatswiri awiri agwirizana kuti sheya iliyonse ibala phindu la madola 10, ndipo lero ikugulidwa pa madola 100. Wina achulukitsa ndi 12, napeza 120, nati gulani. Mnzake, poona kuti zaka zabwino zatsala pang'ono kutha, achulukitsa ndi 8, napeza 80, nati gulitsani. Masamu awo onse ndi olondola. Asiyana pa nambala imodzi yokha, ndipo nambala imeneyo siichokera m'mabuku a kampani. Imachokera m'mutu mwa munthu.

Chinanso n'chakuti mawu atatu aja ndi ongomasulira. Banki iliyonse ili ndi kayankhulidwe kake, ndipo kamzere ka pafoni kamangowathira onse mumphika umodzi. Banki ya Morgan Stanley, mwachitsanzo, imalemba kuti Overweight, Equal-weight kapena Underweight, ndipo mawu oyambawo satanthauza kuti sheya ikwera. Amatanthauza kuti ichita bwino kuposa anzake a m'gulu lomwelo amene katswiriyo amawatsata. Opanga magalimoto onse akagwa ndi 30 peresenti, yanu n'kugwa ndi 20 peresenti, katswiri wanena zoona ndipo abwana ake amuyamikira, pamene inu mwataya gawo limodzi mwa magawo asanu a thukuta lanu. Wakusonyezani ng'ombe yonenepako m'khola la chaka cha chilala. Sanalakwe, chifukwa sankalembera inu. Ankalembera oyang'anira thumba la penshoni amene ali ndi masheya a makampani mazanamazana, amene funso lawo ndi lakuti pa opanga magalimoto achulutse uyu kapena uyo. Funso langa linali lina: ndigule sheya kapena ndigule malata?

Mawu apakati aja, sungani, ndi amene anandiseketsa nditawamvetsa. Ali ngati yankho la ankhoswe akafunsidwa za mnyamata wodzafunsira mbeta, iwo n'kuti, "Mwanayu ndi waulemu ndithu, koma tiyeni tiyambe taona kaye." Aliyense wokhala pamphasapo amamva zimene sizinanenedwe. Pa makampani akuluakulu a ku America, mawu oti gulani nthawi zambiri amapitirira theka la maganizo onse a akatswiri, pamene oti gulitsani sakwana n'komwe 10 pa 100 alionse. Si chifukwa chakuti makampani oipa kulibe. Katswiri amene walemba kuti gulitsani amafunikabe kudzaimbira foni akuluakulu a kampani yomweyo mwezi wamawa, ndipo banki imene imamulipira ingafune kudzathandiza kampaniyo kukongola ndalama kapena kugulitsa masheya atsopano, ntchito ya phindu lalikulu. Kotero amene wachoka pa gulani n'kutsikira pa sungani wanena mawu aakulu kuposa mmene akumvekera, ndipo msika umamumva.

Izi si zongoganizira munthu zoipa. Kampani ya Enron isanagwe mu Disembala 2001, akatswiri ambiri anapitiriza kulangiza anthu kuti agule mpaka chigumula chili pakhomo. Nthawi yomweyo Eliot Spitzer, amene anali mkulu wa zamalamulo m'boma la New York, anafukula makalata a pakompyuta osonyeza kuti Henry Blodget wa ku Merrill Lynch ankanyoza mseri masheya amene ankawatamanda pagulu. Mu Epulo 2003 makampani 10 akuluakulu a ku Wall Street anavomera kulipira pafupifupi madola 1.4 biliyoni, ndipo Blodget pamodzi ndi Jack Grubman wa ku Salomon Smith Barney analetsedwa kugwiranso ntchito imeneyi moyo wawo wonse. M'zaka zimenezo ndi mmene anakhwimitsira lamulo lakuti lipoti lililonse lizionetsa kumapeto kwake kuti pa makampani onse amene bankiyo imaunika, ndi angati imati gulani ndipo ndi angati imati gulitsani, komanso ngati ili pa malonda ndi kampani imene ikuunikayo. Zimenezi zimalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono ta patsamba lomaliza. Ine, amene ndimadziwa bwino kumene timabisa nkhani zowawa m'malipoti athu, ndinayamba kuwerenga malipotiwo kuchokera kumbuyo.

Mlungu wachitatu ndinasokonezeka ndi zilembo zina, AAA, BBB ndi zotero, zimene ndinkayesa kuti ndi maganizo a akatswiri omwewo. Si choncho. Zimenezo zimachokera ku S&P, Moody's ndi Fitch, mayina amene awerengi a ku Zambia anawamva mokwanira pamene dziko lawo linalephera kulipira chiwongoladzanja cha ngongole yakunja mu Novembala 2020. Amenewa safunsa ngati sheya ikwera. Amafunsa ngati wokongola adzabweza. Kwa wopanga magalimoto funso limeneli ndi la moyo ndi imfa, chifukwa makampaniwa ali ngati mabanki obisala: amakongoza ogula kuti agule magalimoto awo, ndipo iwonso amakongola ndalama zankhaninkhani kuti athe kutero. Chilembo chikatsika, chiwongoladzanja chimakwera.

Pa 5 Meyi 2005, S&P inatsitsa General Motors ndi Ford tsiku limodzi, n'kuika ngongole zawo m'gulu la zokayikitsa. Zimene zinatsatira ndinaziwerenga kangapo. Magalimoto ogulitsidwa ku America anatsika kuchoka pa 16 miliyoni mu 2007 kufika pa 10.4 miliyoni mu 2009. Munthu ntchito ikagwedezeka sasiya kugula ufa, koma galimoto yatsopano amati idikire, pamene fakitale imadyabe ndalama kaya ikupanga kapena ayi. Pa 1 Juni 2009 General Motors, imene kwa zaka zoposa 70 inkagulitsa magalimoto ambiri kuposa wina aliyense padziko, inapita kukhoti kukavomera kuti yalephera kubweza ngongole. Boma la America linathiramo pafupifupi madola 50 biliyoni. Kampaniyo inapulumuka, magalimoto ake sanachoke pamsewu, ndipo mu Novembala 2010 inagulitsa masheya atsopano pa madola 33 iliyonse. Koma eni masheya akale sanatolepo kanthu. Mwini sheya ali ngati mwini phwando: amadya alendo onse atakhuta, ngati mumphika mwatsala kanthu. Nkhani imeneyi inandilasa pamtima, chifukwa inathetsa chikhulupiriro cha bambo chimene ndinatengera osachifunsa, chakuti kampani ikakhala yosafa ndiye kuti ndalama zako nazonso sizifa.

Ford, imene inatsitsidwa tsiku lomwelo, inayenda njira ina. Kumapeto kwa 2006, pansi pa Alan Mulally, inakongola madola oposa 23 biliyoni nthawi ikadali yabwino, n'kupereka chikole pafupifupi chilichonse, ngakhale chizindikiro chake chobiriwira ngati thambo chija. Mu Novembala 2008 sheya yake inatsika kufika pafupi ndi dola imodzi. Pakutha pa 2010 inali itapitirira madola 16. Onse anali m'gulu limodzi la zokayikitsa, koma wina anataya zonse pamene mnzake anakolola. Kusiyana kwake kunali m'kati mwa malipoti, pa mzere wosonyeza ndalama zimene kampani ili nazo m'manja ndi tsiku limene ngongole zake zikuyenera kubwezedwa. Kamzere ka mitundu itatu sikafika kumeneko.

Palinso zimene katswiri sangathe kuziona, ngakhale akhale woona mtima chotani, chifukwa amadya zimene kampani yamupakulira. Pa 18 Seputembala 2015 bungwe la boma la America loona za chilengedwe linalengeza kuti Volkswagen inaika m'magalimoto ake a dizilo pulogalamu yozindikira nthawi imene galimoto ikuyesedwa, kuti utsi uzioneka woyera. Pamsewu mpweya woipa unkafika mpaka kuchulukitsa ka 40 mlingo wololedwa. Kampaniyo inavomera kuti magalimoto okhudzidwa anali pafupifupi 11 miliyoni. M'masiku awiri a malonda sheya yake inataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, mkulu wake Martin Winterkorn anatula pansi udindo pa 23 Seputembala, ndipo mlanduwo unadya mayuro oposa 30 biliyoni. Anatulukira chinyengocho sanali a mabanki. Linali kagulu kochepa ka ofufuza a pa yunivesite ya West Virginia, amene anamangirira makina oyezera utsi kumbuyo kwa galimoto n'kuiyendetsa pamsewu weniweni. Bambo akanawakonda anthu amenewo.

Za Tesla ndinena pang'ono, popeza ambiri amazidziwa. Mu Meyi 2019 Adam Jonas wa ku Morgan Stanley analemba kuti zinthu zitaipiratu sheya yake ingatsike kufika pa madola 10, pamene inkagulidwa pafupifupi madola 200. Mu 2020 mtengo wake unachulukitsidwa kuposa kasanu ndi katatu, ndipo kampani imene inapereka magalimoto pafupifupi 500,000 chaka chimenecho inaposa pa mtengo Toyota imene inagulitsa oposa 9 miliyoni. Mu 2022 inagwanso ndi 65 peresenti. Pa kampani yotere akatswiri amatalikirana ngati kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo mtengo wapakatikati umene foni imaonetsa ndi nambala imene palibe aliyense wa iwo amaikhulupirira.

Nditabwerera ku kampani ya bambo, ndinafunafuna lipoti la katswiri mmodzi yekha wa mbali yofiira uja. Lonse sindinathe kulipeza, popeza malipoti athunthu amaperekedwa kwa makasitomala a banki, koma mfundo zake zinali m'manyuzipepala a zachuma. Sankanena kuti magalimotowo ndi oipa. Ankanena za ndalama ya yen. Kampani ya ku Japan ikagulitsa galimoto ku America imalandira madola, ndipo yen ikafooka madola omwewo amasanduka ma yen ambiri m'mabuku ake, ngakhale sinagulitse galimoto imodzi yowonjezera. Gawo la phindu limene anzake ankaliombera m'manja linali mphatso ya ndalama yofooka, ndipo mphatso yotere mwini wake amatha kudzailanda. Ankanenanso za China, kumene BYD inasiya kupanga magalimoto oyendera petulo yekha mu 2022, n'kuyamba kulanda msika umene makampani a kunja ankauyesa wawo. Ndinaphunzira zambiri kwa munthu mmodzi wotsutsa kuposa kwa khamu lonse lovomereza, osati chifukwa anali wolondola, koma chifukwa woima yekha amakakamizika kufotokoza zifukwa zake.

Ndinaimbiranso achimwene.

"Achimwene, magalimoto aja munati ndiwerenge pa Ginnery Corner, ndi angati amene anagulidwa atsopano?"

Anakhala chete pang'ono, kenaka anaseka. Pafupifupi onse ndi akale, ogulidwa kwa eni ake oyamba ku Japan n'kudzera pa doko la Dar es Salaam kapena la Durban. Kampani inalandira ndalama zake pa galimoto zimenezo zaka khumi zapitazo, ndipo ngakhale zipangizo zambiri zimene iwo amaikamo pagalaja si zochokera ku fakitale yake. Umboni wa achimwene unali woona pa kulimba kwa galimoto. Pa phindu la chaka chamawa sunkanena kanthu.

"Koma iwe sukulu inakuwononga," anatero. "Ndiye sugula?"

Ndinagula, mu Febuluwale 2024, koma ndi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a ndalama zija. Magawo awiri anapita ku malata ndi mitengo ya denga la mayi. Otsalawo ndinawaika m'thumba losakaniza masheya a makampani ambirimbiri, chinthu chosasangalatsa kukamba pagulu koma chogonetsa tulo. Ndisanadine batani ndinalemba papepala zifukwa zanga zogulira, m'mawu anga osati a akatswiri, pamodzi ndi zimene zingandichititse kugulitsa: ngongole ikayamba kukula kuposa ndalama za m'manja, kapena magalimoto akasiya kugulidwa ku America zaka ziwiri zotsatizana. Pansi pake ndinalemba kuti yen ikalimba mtengo udzagwa, ndipo ndisadzathamange. Pepalalo ndinaliika m'laisensi yakale ya bambo. Ndikuvomera kuti gawo limodzi lija silinali la masamu okhaokha. Munali chikumbutso, ndipo ndinaona kuti n'kwabwino kudziuza zoona kuti chikumbutsocho ndachigula pa mtengo wakuti.

Pa 31 Julayi 2024 banki yaikulu ya Japan inakweza chiwongoladzanja kufika pa 0.25 peresenti, ndipo yen, imene masabata angapo m'mbuyomo inali itafooka kupitirira 160 pa dola imodzi, inayamba kulimba mofulumira. Lolemba pa 5 Ogasiti mlingo wa Nikkei, woyezera masheya akuluakulu a ku Tokyo, unagwa ndi 12.4 peresenti tsiku limodzi, kugwa kumene kunali kusanaonekenso chiyambire 1987. Ndinaziona ndili m'basi popita kuntchito. Ndalama zanga zinali zitachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi tsiku limene ndinagula, ndipo m'mimba munatentha ngati ndamwa thobwa losasa. Ndinayang'ana kamzere kaja. Kanali kobiriwirabe, osasintha ngakhale pang'ono. Mitengo yoyembekezeka ija akatswiri anadzaitsitsa patapita masabata, mmodzimmodzi, kutsatira msika m'mbuyo ngati mbusa wolondola mapazi a mbuzi zimene zalowa kale m'munda. Tsiku limenelo sindinagwire ntchito yooneka. Madzulo ndinatulutsa laisensi ya bambo, n'kuwerenga pepala langa kawiri. Zifukwa ziwiri zogulitsira zija panalibe chimene chinachitika. Chimene chinachitika ndi chokhacho ndinalemba pansi. Sindinagulitse. M'mawa mwake Nikkei inakweranso ndi 10 peresenti, ngakhale sheya yanga inatenga nthawi yaitali isanayandikirenso pamene ndinaigulira.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho ndinalandira gawo langa la phindu la miyezi 6. Boma la Japan litachotsapo msonkho wake, zotsalazo sizinakwane matumba awiri a simenti. Ndinazitumiza kwa mayi, n'kuwauza kuti zachokera ku chinthu chosaoneka chija. Anati azipereka ku banki m'khonde Lachinayi, ndipo anandiuza kuti mvula yoyamba yagwa koma m'nyumba simunadonthe. Achimwene anaimba tsiku lotsatira. Panali galimoto pagalaja pawo yofuna mabuleki atsopano, ndipo ankafuna kudziwa ngati ine, monga mmodzi wa eni kampani, sindingawalankhulire kwa anzanga a ku Japan kuti awatsitsireko mtengo.